"Mkazi woopa Mulungu" ndi wotani? Mawu amene Akhristu akukanganirana ndi kumene anachokera

Ndi pakati pa usiku, mwana watentha thupi ndipo wangogona kumene. Mayi ake tulo tawathawa, ndiye atenga foni. Kanema woyamba ndi wa mtsikana wovala mwaulemu, nyumba yake ili mbee, ana asanu akhala pamzere, iye n'kumafotokoza kuti anasiya ntchito pomvera Mulungu chifukwa malo a mkazi wopembedza ndi pakhomo. Atangosuntha chala, patulukira mlaliki wamkazi akunena kuti Mulungu sanapatse mkazi luso kuti alikwirire pansi. Onse awiri agwira Baibulo, onse akutchula chaputala ndi ndime. Mayi aja, amene mawa m'mawa akuyenera kulawirira ku ntchito, azimitsa foni ali ndi funso lomwe analibe madzulo: kodi ine ndikulakwira Mulungu?

Mkanganowu suli pa foni pokha. Mu June 2023 msonkhano wa Southern Baptist Convention, mpingo waukulu kuposa yonse ya Chiprotestanti ku America, unavomereza ndi mavoti 9,437 kwa 1,212 kuti tchalitchi cha Saddleback cha ku California chichotsedwe chifukwa chokhala ndi abusa aakazi. Mu October 2025 Sarah Mullally, mayi wa ana awiri amene kale anali namwino, anasankhidwa kukhala Akibishopu wa Canterbury, mtsogoleri wauzimu wa mipingo ya Anglican, mkazi woyamba pa udindowo, ndipo mabishopu ena a Anglican ananena poyera kuti sizinawakomere. Nkhani za kuguwa zoterezi zimatsikira m'makomo, poti ndime zomwe amakanganirana pa nkhani ya ubusa ndi zomwezo zimene zimawerengedwa paukwati ndi m'misonkhano ya amayi.

Chimene chimazunguza mutu n'chakuti mawu oti "mkazi woopa Mulungu" amanga zinthu zitatu mumtolo umodzi. Muli funso la chimene mkaziyo ali pamaso pa Mulungu. Muli funso la udindo wake m'banja ndi mumpingo. Ndiye muli zizolowezi za nyengo zina zomwe zinakanirira ku mawuwo m'kupita kwa zaka. Pa choyambacho Akhristu pafupifupi onse amamvana. Pa chachiwiri amasiyana, ndipo mbali iliyonse ili ndi zifukwa zake. Chachitatu ambiri sadziwa n'komwe kuti chilimo.

Kukhala "mwa Khristu"

Dzina loti Mkhristu limapezeka katatu kokha m'Chipangano Chatsopano chonse. Machitidwe 11:26 amati linayambira ku Antiokeya, ndipo zikuoneka kuti anthu akunja ndiwo anawatcha choncho. Paulo m'makalata ake sanaligwiritse ntchito. Iye ankakonda kunena kuti wokhulupirira ali "mwa Khristu", kutanthauza kuti munthu amalandira malo pamaso pa Mulungu chifukwa cha zimene Khristu anachita, ndipo malowo sakula kapena kuchepa ndi ntchito imene munthuyo akugwira. Pa Agalatiya 3:27-28 akuti onse obatizidwa avala Khristu, kotero kuti muno mulibe Myuda kapena Mhelene, kapolo kapena mfulu, mwamuna ndi mkazi.

Chitsanzo chakale chimene chimaonetsa bwino zimenezi ndi cha mayi woyamwitsa. M'chaka cha 203, ku Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia, Perpetua, wa zaka 22, anamangidwa chifukwa cha chikhulupiriro ali ndi mwana kubere. Bambo ake anabwera kudzamuchonderera kuti akane, amvere chisoni imvi zawo ndi khandalo. Iye anawalozera chotengera madzi chimene chinali pansi n'kufunsa ngati chingatchedwe ndi dzina lina. Atayankha kuti ayi, anati nayenso sangadzitche dzina lina koma Mkhristu. Mnzake Felicitas, kapolo, anabereka mwana ali m'ndende kutatsala masiku ochepa kuti aphedwe. Nkhaniyi siyotsekemera, ndipo mayi aliyense akaiwerenga amafunsa za ana aja. Komabe mpingo woyamba unawalemekeza amayi awiriwa chifukwa cha dzina limene anakana kulitaya. Za kasamalidwe ka pakhomo pawo palibe anazilemba.

Tingafanizire ndi mwana wobadwira m'banja. Akule n'kukhala dokotala, kapena ntchito imuthere, iye ndi mwana wa m'nyumbamo basi. Udindo uli ngati yunifolomu, umavalidwa ndi kuvulidwa malinga ndi nyengo. Kusiyanitsa ziwirizi kumathandiza amayi chifukwa umayi umadya munthu yense, usana ndi usiku, mpaka kuiwala kuti anali munthu ana asanabwere. Ndiye ana amakula n'kuchoka, ena amalowerera, ena amatsogola kumanda. Aphunzitsi a mbali zonse za mkanganowu amavomereza kuti mayi amene mwana wake walowerera sanachepe pamaso pa Mulungu. Kusiyana kumayambira pa funso loti Agalatiya 3:28 akukamba za chipulumutso chokha, kapena akukhudzanso kagawidwe ka maudindo.

Womthangatira

Pa Genesis 2:18 Mulungu akuti si kwabwino kuti munthu akhale yekha, ndipo adzampangira womthangatira. M'makutu mwa ambiri liwuli limamveka ngati la wantchito wotumidwa. M'Chihebri mawu ake ndi ezer kenegdo. Liwu loti ezer limapezeka ka 21 m'Chipangano Chakale. Kawiri likunena za Hava, katatu za anthu kapena mitundu yoyembekezeredwa kuthandiza pa nkhondo, ndipo ka 16 likunena za Mulungu mwini, monga pa Salimo 121 pamene wolemba akufunsa kumene thandizo lake lidzachokera. Ndi liwu lomwelo lili m'dzina loti Ebenezeri, mwala wa thandizo. Kenegdo ndiye kuti woyang'anizana naye, wolingana naye.

Amene amati mwamuna ndi mkazi ali ndi maudindo ofanana amagwira pamenepa: ngati Mulungu ndi ezer, liwuli silingatanthauze wapansi. Anzawo amayankha kuti iwonso sakunena kuti mkazi ndi wapansi. Akuti liwu palokha silithetsa nkhani, muyenera kuona dongosolo la nkhani yonse: Adamu analengedwa poyamba, ndiye anapatsidwa lamulo, ndiye anafunsidwa poyamba atachimwa, ndipo Paulo pa 1 Akorinto 11:8-9 akutchula dongosolo lomweli. Oyamba aja amati werenganibe mpaka ndime 11 ndi 12, pamene Paulo yemweyo akuti monga mkazi anachokera kwa mwamuna, mwamunanso amabadwa mwa mkazi.

Taganizani za munthu amene galimoto yake yatitimira m'matope. Angamuthandize mwana wongomugwirira tochi, angamuthandizenso mwini thirakitala womukoka. Onsewa ndi othandiza. Liwulo silikuuzani wamphamvu ndani kapena wotsogolera ndani, mumadziwa poona nkhani yonse. Palinso kusiyana pa Genesis 3:16, pamene akuti mwamuna adzalamulira mkazi. Ena amati apa utsogoleri wabwino umene unalipo kale ukuipitsidwa ndi tchimo, ena amati kulamulirana kwenikweniko kukuyambira pomwepa.

Mkazi wangwiro wa pa Miyambo 31

Palibe ndime imene yalimbikitsa amayi ambiri, komanso kutopetsa amayi ambiri, ngati Miyambo 31:10-31. Mkazi uyu amadzuka kusanache, nyali yake sizima usiku, amapota ulusi, amagula munda, amalima mphesa, amagulitsa nsalu kwa amalonda, amathandiza osauka, amayankhula zanzeru, ndipo ana ndi mwamuna wake amamutamanda. Mayi woiwerenga ngati mndandanda wa ntchito za tsiku limodzi amatseka Baibulo atagwa ulesi.

Chinthu choyamba chimene sichioneka m'mabaibulo omasuliridwa n'chakuti iyi ndi ndakatulo yolukidwa mwaluso. Ili ndi ndime 22, ndipo ndime iliyonse imayamba ndi chilembo chotsatira cha alifabeti ya Chihebri, yomwe ili ndi zilembo 22. Zili ngati wolemba akuti, nazi zabwino za mkazi uyu kuyambira chilembo choyamba mpaka chomaliza. Kalembedwe kotere kankathandiza kuloweza, ndipo kamasonyeza kuti chikujambulidwa ndi moyo wonse. Munda sagula tsiku lililonse. Ana amene akuimirira kumutcha wodala ndi akuluakulu kale, sali pamsana.

Chachiwiri ndi dzina lake. Mawu amene anamasuliridwa kuti "mkazi wangwiro" m'Chihebri ndi eshet chayil. Chayil ndi liwu la mphamvu, chuma ndi kulimba mtima, ndipo kawirikawiri limanenedwa za ankhondo. Mngelo atapeza Gideoni pa Oweruza 6:12 n'kumutcha ngwazi, anagwiritsa ntchito liwu lomweli. Chochititsa chidwi n'chakuti mkazi yekhayo wotchulidwa dzina amene Baibulo limamupatsa ulemu umenewu ndi Rute, pa Rute 3:11. Nthawi imeneyo Rute anali wamasiye, mlendo wochokera ku Moabu, wopanda mwana, wokunkha m'minda ya eni. Analibe adzakazi, analibe munda wamphesa, analibe mwamuna wokhala pa chipata ndi akulu a mzinda.

Chachitatu ndi oyenera kuimva. Chaputalachi chimayamba ngati malangizo amene mfumu Lemueli inalandira kwa amayi ake, ndipo buku lonse la Miyambo limayankhula kwambiri ndi mnyamata. Lamulo limene likutseka ndakatuloyi likupita kwa anthu omuzungulira: mpatseni zipatso za manja ake, ntchito zake zimutamande. M'mabanja ambiri a Chiyuda mpaka lero, mwamuna amaimba ndakatuloyi Lachisanu madzulo Sabata likamayamba, kuimbira mkazi wake. Kusiyana kwake kuli ngati kwa mawu oyamikira munthu popuma pa ntchito ndi kalata yolembera munthu ntchito. Zonse zimatchula ntchito zofanana, koma woyamikiridwa safunsidwa kuti bwanji lero sunachite chakuti.

Mbali zonse ziwiri zimamufuna mkazi ameneyu. Ena amaloza kuti zonse amachita zikuzungulira banja lake ndipo mwamuna wake ndiye ali pa chipata. Ena amaloza kuti amagula munda ndi nzeru zake, ali ndi malonda ake ndi phindu lake. Kunena zoona, onse akuloza zinthu zimene zilimodi. Tisaiwalenso kuti mkaziyu ndi wolemera, ali ndi antchito, ndipo ambiri mwa amayi amene amauzidwa kuti amutsanzire alibe wowagwirira ngakhale tsache.

Kumvera ndi mutu

Apa ndiye pali phata la mkangano. Aefeso 5:22-33 akuuza akazi kumvera amuna awo monga kumvera Ambuye, pakuti mwamuna ndiye mutu wa mkazi, ndipo akuuza amuna kukonda akazi awo monga Khristu anakonda mpingo n'kudzipereka chifukwa cha iwo. Malangizo ofanana ali pa Akolose 3 ndi 1 Petro 3.

Kalembedwe kameneka sikanayambe ndi Akhristu. Zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, Aristotle, katswiri wa nzeru wa Chigriki, anali atalemba kale kuti nyumba imaima pa maubale atatu: mwamuna ndi mkazi, bambo ndi ana, mbuye ndi kapolo. M'malamulo a Aroma mkulu wa banja anali ndi mphamvu zazikulu pa onse a m'nyumba mwake. Kalata ya kwa Aefeso ikutsata maubale atatu omwewo, koma ikuchita zinthu zachilendo: ikuyankhula mwachindunji ndi mkazi, mwana ndi kapolo ngati anthu oganiza paokha, ndipo mawu ambiri ikuwathera pa mwamuna, kumuuza za kudzipereka, osamuuza kuti alamulire.

Pali kanthu kakang'ono ka galamala kamene kamatchulidwa nthawi zonse. M'mipukutu ina yakale kwambiri ya Chigriki, kuphatikizapo wina wolembedwa cha m'ma 200, ndime 22 ilibe mneni. Imangoti "akazi, kwa amuna anu", ndipo mneniyo amabwerekedwa ku ndime 21 imene ikuti mverananani wina ndi mnzake m'kuopa Khristu. Gulu lina limati ichi chikusonyeza kuti mutu wa nkhani ndi kumverana, ndipo kumvera kwa mkazi ndi kudzipereka kwa mwamuna ndi nkhope ziwiri za chinthu chimodzi. Gulu linalo limati ndime 21 ikungotsegula nkhani, kenako Paulo akufotokoza womvera ndani ndi womveredwa ndani, ndipo palibe pamene mwamuna akuuzidwa mwachindunji kumvera mkazi wake. Liwu la Chigriki la mutu, kephale, nalonso lalembedwera mabuku ambiri. Ena amati limatanthauza wolamulira, ena amati m'malo ena limatanthauza gwero, monga mmene timanenera za kumene mtsinje wayambira.

Funso lovuta limabwera chifukwa cha akapolo aja. Lero palibe mpingo wodziwika umene umaphunzitsa kuti ukapolo upitirire chifukwa Paulo anauza akapolo kumvera ambuye awo. Ndiye n'chifukwa chiyani gawo la akazi likhale la muyaya? Yankho la mbali inayo n'lakuti ukwati unakhazikitsidwa pa chilengedwe ndipo Paulo akuumangirira pa Khristu ndi mpingo, pomwe ukapolo sanaupatse maziko otere. Zili ngati kalata ya agogo imene muli malangizo a khalidwe ndi malangizo a kayendedwe pa njira ya nthawi yawo. Adzukulu onse amailemekeza kalatayo, koma amasiyana pa mzere uti umene ukunena za khalidwe ndi uti umene ukunena za njira yomwe inasintha kale.

Chimodzi chiyenera kunenedwa mosapsatira. Zikalata zodziwika za mbali zonse zimatsutsa nkhanza. Palibe imene imati kumvera ndi kupirira kumenyedwa kapena kutsata mwamuna kukachimwa. Koma zolembedwa ndi zochitika sizifanana nthawi zonse, ndipo amayi ambiri ovulazidwa akhala akubwezedwa kunyumba ndi ndime yomweyi.

Mayina a magulu

Mayina awiri a Chingerezi amene mudzakumane nawo pa intaneti ndi atsopano ndithu. Mu December 1987 atsogoleri ena a mipingo ya evangelical, kuphatikizapo John Piper ndi Wayne Grudem, anakumana ku Danvers m'chigawo cha Massachusetts n'kulemba chikalata chonena kuti mwamuna ndi mkazi ndi ofanana ulemerero koma osiyana maudindo, ndipo utsogoleri wa m'banja ndi maudindo ena a mumpingo ndi a amuna. Ganizoli linadzatchedwa complementarian, kuchokera ku lingaliro la kukwaniritsana. Mu 1988 kunakhazikitsidwa bungwe la Christians for Biblical Equality, lotsogozedwa ndi Catherine Clark Kroeger, lophunzitsa kuti maudindo azitsata mphatso za munthu. Awa ndi amene amatchedwa egalitarian. Iwo amaloza kwa Debora woweruza, Febe mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, Priskila amene anaphunzitsa Apolo, ndi Yuniya wa pa Aroma 16:7, amene iwo amati Paulo anamutchula pakati pa atumwi. Anzawo amaloza ku 1 Timoteo 2:12, imene ikuti mkazi asaphunzitse kapena kulamulira mwamuna, ndi kusankhidwa kwa atumwi khumi ndi awiri aamuna.

Mpingo wa Katolika sulowa bwino m'mabokosi awiriwa. Mu 1988 Papa John Paul II, m'kalata yake ya Mulieris Dignitatem, anawerenga Aefeso 5 ngati kumverana kwa onse awiri m'banja, koma mu 1994 ananenetsa kuti mpingo ulibe mphamvu yodzoza akazi unsembe. Ndipo mu 1989 ku Accra, Mercy Amba Oduyoye wa ku Ghana anasonkhanitsa akatswiri aakazi a zaumulungu n'kuyambitsa Circle of Concerned African Women Theologians, amene anabweretsa mafunso omwe mbali ziwiri zija sizinkawafunsa kwambiri: umphawi, umasiye, kusabereka ndi matenda.

Mayi wa pakhomo

Tito 2:3-5 akuuza amayi achikulire kuphunzitsa atsikana kukonda amuna awo ndi ana awo, kukhala odziletsa, ndi kusamala za pakhomo. Apa mipukutu yakale imasiyana ndi chilembo chimodzi chokha: ina ili ndi oikourgous, ogwira ntchito za m'nyumba, ina ili ndi oikourous, osunga nyumba. Koma funso lalikulu ndi lakuti nyumba inali chiyani nthawi imeneyo. Kwa zaka zikwi zambiri nyumba ndiyo inali malo a ntchito. Nsalu zinkawombedwa momwemo, malonda ankachitikira pakhomo, munda unali wa banja lonse. Priskila ndi Akula ankasoka mahema limodzi. Lidiya ankagulitsa nsalu zofiirira ndipo mpingo unkasonkhana m'nyumba mwake.

Chithunzi cha bambo wopita ku ntchito m'mawa ndi mayi wotsala ndi ana chinakula ndi mafakitale ku Britain ndi ku America kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ntchito yolipidwa itachoka pakhomo. Wolemba mbiri Barbara Welter anasonyeza mu 1966 kuti magazini ndi maulaliki a ku America a pakati pa 1820 ndi 1860 ankayeza "mkazi weniweni" ndi zinthu zinayi: kupembedza, chiyero, kugonjera ndi kukhala pakhomo. Ngakhale nthawi imeneyo unali moyo wa mabanja opeza bwino. Akazi osauka anali m'mafakitale, m'minda ndi m'makhitchini a anthu ena. Makanema a masiku ano a amayi otchedwa tradwife amatengera kwambiri chithunzi cha ku America cha m'ma 1950, ndipo pali choseketsa pang'ono: otchuka mwa iwo amapeza ndalama kudzera m'makanema omwewo olangiza amayi kusiya ntchito.

Amayi otchuka m'mbiri ya mpingo sakwana m'chithunzichi. Katharina von Bora anathawa kunyumba ya masisitere mu 1523, nakwatiwa ndi Martin Luther mu 1525. Anabereka ana asanu ndi mmodzi, ndipo ndiye ankayendetsa minda, ziweto, ndalama ndi nyumba yodzaza ophunzira ogona, mpaka Luther ankamutcha mwanthabwala kuti bwana Käthe. Susanna Wesley, mayi wa John ndi Charles Wesley amene anayambitsa gulu la Methodist, anabereka ana 19, ndipo 9 anamwalira ali makanda. Ankapatula nthawi mlungu uliwonse yocheza ndi mwana aliyense payekha, ndipo ya John inali Lachinayi madzulo. Mwamuna wake, mbusa wa ku Epworth, ali ku London, iye anayamba kuwerenga maulaliki m'nyumba Lamulungu madzulo mpaka anthu anafika pafupifupi 200. Mwamunayo atadandaula, Susanna anamulembera kuti ngati akufuna misonkhanoyo ithe alamule momveka, kuti mlandu wa miyoyo ya anthuwo ukhale pa mwamunayo. Kodi pamenepa anamvera kapena anatsutsa? Mbali zonse zimamutenga ngati wawo.

Mary Sumner, mkazi wa mbusa wa ku Old Alresford ku England, anayambitsa Mothers' Union mu 1876 mwana wake wamkazi atabereka mwana woyamba, zimene zinamukumbutsa mmene umayi unamuvutira iye mwini. Ganizo lake linali la pa Tito 2 lomwe lija, loti mayi asalere yekha. Lero bungweli lili m'maiko oposa 80.

Kodi umayi ndiwo maitanidwe aakulu a mkazi?

Mawu amenewa amanenedwa kawirikawiri ndi mtima wabwino, pofuna kulemekeza ntchito imene dziko silimaiwerengera. Koma taonani tsiku limene mlaliki apempha amayi onse aimirire kuti awombedwe m'manja. Pa benchi yachitatu pali mkazi amene wapita padera katatu, wakhala pansi, akuyang'ana buku la nyimbo.

Baibulo limalemekeza umayi. Timoteo analandira chikhulupiriro kwa agogo ake Loisi ndi amayi ake Yunike. Msonkhano wa mabishopu wa ku Efeso wa mu 431 unavomereza kuti Mariya atchedwe Theotokos, wobala Mulungu. Komabe pa Luka 11:27-28, mkazi wina atafuula kuti yodala mimba imene inabala Yesu, iye anayankha kuti odala makamaka ndi akumva mawu a Mulungu ndi kuwasunga. Pa 1 Akorinto 7 Paulo akuyamikira kusakwatiwa. Kwa zaka zoposa chikwi mpingo unkaika unamwali pamwamba pa ukwati, moti Jovinian, amene ankaphunzitsa kuti wokwatiwa ndi namwali ali ndi mphotho yofanana, anatsutsidwa ndi Jerome, mphunzitsi wotchuka wa mpingo, mu 393 ndipo mpingo unamuweruza. Anthu a nthawi ya Luther ndiwo anatembenuza sikelo n'kukweza banja. Tsono chiphunzitso choti umayi uli pamwamba pa zonse si chakale monga chimamvekera. Chili ngati chingwe cha belu chimene chakokedwera uku ndi uko m'mibadwo yosiyana.

Monica, mayi wa Augustine amene anadzakhala bishopu ndi mphunzitsi wamkulu wa mpingo, amakumbukiridwa chifukwa cholirira ndi kupempherera mwana wake wolowerera kwa zaka zambiri mpaka anabatizidwa ku Milan mu 387, chaka chomwe mayiyo anamwalira ku Ostia. Koma Augustine yemweyo analembanso kuti bambo ake anali aukali ndi osakhulupirika m'banja, ndipo Monica ankalangiza akazi anzake obwera ndi zipsera kumaso kuti azigwira lilime. Ena akawerenga amaona kupirira kopatulika. Ena amaona malangizo amene sangapatse mwana wawo wamkazi.

Zimene sizinathe

Ndime ya 1 Timoteo 2:15, yonena kuti mkazi adzapulumuka mwa kubala ana, ikadali yozunguza akatswiri a mbali zonse. Ena amati ikunena za kubadwa kwa Khristu, ena za kusungidwa pobereka, ena za kukana aphunzitsi onyenga a ku Efeso amene ankaletsa ukwati. Liwu la pa ndime 12, authentein, limapezeka kamodzi kokha m'Chipangano Chatsopano, ndipo sanagwirizanebe ngati likutanthauza ulamuliro wamba kapena kupondereza.

Amene amakhulupirira utsogoleri wa mwamuna sanamvanebe okhaokha kuti umafika pati. Kodi ndi wa m'banja ndi kuguwa kokha, kapena umakhudzanso mkazi amene ndi bwana wa amuna ku ofesi? Mu 2024 a Southern Baptist omwe aja analephera kupeza magawo awiri mwa atatu a mavoti ofunika kuti aike chiletso cha abusa aakazi m'malamulo awo aakulu. Nawonso okhulupirira kufanana kwa maudindo ali ndi funso lawo: ngati maudindo ndi ofanana, kodi pali chimene mayi amapatsa mwana chomwe bambo sangapereke, ndipo chimenecho tichitche chiyani?

Palinso funso la njira yodziwira chimene ndi cha muyaya ndi chimene chinali cha nyengo yake. Mipingo yambiri imene imasunga Aefeso 5 monga ilili inasiya kukakamiza chophimba kumutu cha pa 1 Akorinto 11, ndipo 1 Timoteo 2:9, imene ikutchula golide, ngale ndi zovala zodula, imalalikidwa kwambiri ngati nkhani ya kutalika kwa diresi. Ndani amaika malire, ndipo amayeza ndi chiyani?

Ndiye pali mabanja amene zikalata zija sizinawaganizire mokwanira: mayi wolera yekha ana, wamasiye, mkazi amene mwamuna wake sakhulupirira kapena anachoka osatsanzika, agogo olera adzukulu, ndi mkazi amene malipiro ake ndiwo akudyetsa nyumba yonse. M'nyumba yopanda mwamuna, chiphunzitso cha mutu chimagwira bwanji ntchito? Ndipo mayi akabwera kwa akulu a mpingo ndi diso lotupa, ndani amanena kuti kupirira kwathera apa, nanga usiku umenewo akagona kuti?